Kalongonda wa Amayi M'chaka cha Njala

Ndinali ndi zaka khumi pamene njala inagwa kwathu ku Mchinji, zaka za m'ma 2000 zitangoyamba. Bambo ankaphunzitsa pa sukulu ina ya pulaimale kufupi ndi ku Guilleme, koma kwawo, monganso amayi, kunali ku Phalombe, m'tsinde mwa phiri la Michesi. Ine ndinabadwira ku Mchinji konko, ndipo phirilo ndinkangolimva m'kamwa mwa amayi.

Kuseri kwa nyumba yathu amayi ankabzala kalongonda, nyemba zikuluzikulu zoyanga, zimene mbewu yake anachokera nayo kwawo atamanga pansonga ya chitenje. ANaphiri, mayi wamasiye amene munda wawo wa mtedza unachita malire ndi bwalo lathu, ankakonda kuima pampanda n'kumaseka.

"Mayi aphunzitsi, zoona inu akummwera mumadya zimenezi? Ife tinamva kuti zimapengetsa."

"Zimapengetsa wophika mopupuluma," ankayankha motero amayi, nawonso akuseka.

Pofika mu Febuluwale kuseka kunatha m'mudzi. Chimanga chinali chisanakhwime, nkhokwe zinali zopanda kanthu, ndipo ngakhale kwathu kwa aphunzitsi tinkadya kamodzi. Tiyanjane, mwana wa aNaphiri yemwe tinkakhala benchi imodzi, anasiya kubwera kusukulu. Nditapita kukamuona ndinamupeza atatsamira khoma, mapazi atatupa. Amayi anayesa kupita ndi kaufa m'mbale, koma aNaphiri anawabweza mwaulemu. "Zikomo, ife tadya kale." Chonsecho pakhomopo panali pasanafuke utsi.

Loweruka lina m'mawa amayi anatsitsa thumba la kalongonda kudenga. Anawiritsa, nataya madzi ake akuda bii kutali ndi nkhuku. Tinasenda makungu, zala zikupsa, n'kuterekanso pamoto. Dzuwa linakwera, madzi akutayidwa ndi kuthiridwa ena. Fungo lake linali ngati la dothi lonyowa, ndipo m'mimba mwanga munkalira. Nditatambasula dzanja kuti nditoleko, amayi anandigwira pamkono.

"Dikira, mwanawe. Ululu wake sunathe. Gona apa, ndikuuze za kwathu."

Ndinatsamira pamiyendo pawo. Anandiuza kuti phiri la Michesi lili ndi eni ake, makolo amene anapita kale. Munthu akasochera m'nkhalango yake njala itamugwira, amangopeza chakudya pamwala, nthochi zakupsa kapena ndiwo zotentha, koma wophika osamuona. Mwambo wake ndi wakuti udye pomwepo, usafunse kuti waika ndani, ukatha uzipita. Kenaka anayamba kung'ung'udza nyimbo ya Chilomwe imene sindinkaimva tanthauzo.

Sindidziwa ngati ndinagona kapena inali njala chabe. Mapiri a Mchinji amene ankaoneka patali cha kumalire anayamba kusendera, natalika, nkhungu itawakuta. Ndinkamva madzi akutsika m'miyala. Ndinaona amayi ali kamtsikana, opanda nsapato, akuyenda pakati pa mitengo ikuluikulu, ine ndikuwatsata osawapeza. Pamwala uliwonse panali mbale yofuka nthunzi.

Amayi anandidzutsa dzuwa litapendeka. Kalongonda anali atafewa, atathiridwa mchere. Tisanadye, amayi anapakula mbale yodzaza, naivindikira ndi tsamba la nthochi.

"Kaike pachitsa chija cha panjira ya kudambo. ANaphiri adutsa pomwepo pochokera kothyola therere. Ukawaona, utoleko ziwiri, udye pang'onopang'ono akukuona, kuti asaope. Ukatero uzibwera. Usawalankhule."

"Koma amayi, adziwatu kuti ndife. Kalongonda kuno ali kwathu kokha."

"Adziwa, inde. Koma sadzafunika kutigwadira."

Ndinachita monga anandiuzira. ANaphiri anatulukira ndi kamtolo ka masamba m'manja, naima patali. Ndinatafuna nyemba zanga maso ali kumwamba, ngati ndikuwerenga mitambo, kenaka ndinatembenuka. Mtima unkafunitsitsa kucheuka, koma sindinacheuke.

M'mawa mwake mbaleyo inali pachitsa, yotsukidwa bwino. Zinapitirira choncho mpaka chimanga chinayamba kudyeka. Amayi ndi aNaphiri ankapatsana moni pachitsime monga kale, nkhani zawo zili za mvula ndi za kutchalitchi. Tiyanjane anabwerera kusukulu atawonda, koma akuyenda yekha. Tsiku lina pa nthawi yopuma anandinong'oneza kuti amake anamuuza kuti chakudyacho amachitola panjira, ndipo asafunse zambiri. Ine ndinangogwedeza mutu. M'mudzi womwewo tinaika maliro a ana angapo chaka chimenecho, koma mnzangayo sanali mmodzi wa iwo.

Nthawi imeneyo ndinkaona ngati akuluakulu awiriwo akusewera chibisalirano. Zinkandiwawanso pang'ono kuti tatopa tsiku lonse ndi utsi, koma palibe wotithokoza. Lero, nditakhalapo kumbali zonse ziwiri, yopatsa ndi yopatsidwa, ndikudziwa kuti munthu wanjala amakhala atatsala ndi chinthu chimodzi chokha, ulemu wake, ndipo wothandiza akapanda kusamala amamulanda chomwecho. Amayi sanafune kuti mnansi wawo agule moyo wa mwana wake ndi manyazi.

Bambo atasamutsidwa patapita zaka zingapo, aNaphiri anabwera kudzatithandiza kukweza katundu mu lole. Anagwira dzanja la amayi nthawi yaitali, onse awiri akuyang'ana pansi. Za mbale ija palibe anatchula, ngakhale tsiku limenelo.