Kiyi Anali ku Mbenji

Chaka chimene tinagula galimoto ndinali ndi ana awiri, ndipo wachiwiriyo, kamtsikana ka zaka ziwiri ndi theka, anali wa mphumu. Akayamba kubanika, pachifuwa pake pankalira ngati kamwana ka mphaka, nthiti zikulowa m'kati, milomo ikuda, ine n'kumangomugwira, osadziwa kuti ndimugoneke kapena ndimuimike. Kwathu kunali kumunsi kwa Khombedza, cha kunyanja, msewu wake mchenga wokhawokha, ndipo chipatala chokhala ndi mpweya wa m'botolo chinali ku boma. Kawiri konse ndinamufikitsa kumeneko movutikira, panjinga mpaka patala, kenako pamatola. Ulendo wachiwiriwo anamwino anandiyang'ana n'kunena kuti mayi, tsiku lina mudzachedwa.

Ndiye amuna anga atanena kuti akufuna kugula galimoto yaikulu ya banja, ena pakhomo anaganiza za maukwati, ena za kumsika. Ine ndinangoganiza za msewu wa ku boma basi.

Amuna anga anali eni ake a ukonde waukulu wa chilimira ndi maboti awiri a injini. Anali aakulu kwa ine kwambiri. Ananditenga ndisanamalize sitandade sikisi, n'kukandiika pamudzi pawo, pomwe panali apongozi, alamu awiri ndi akazi awo, ana amasiye a achemwali awo, ndi ena ongobwera osanena tsiku lobwerera. Tikakhala tonse pabwalo, mphasa zitatu sizinkakwana. Nthawi imeneyo matipate anali atangoyamba, othawa nkhondo a ku Mozambique atabwerera kwawo, ndipo mabungwe amene ankawathandiza ankagulitsa galimoto zawo zazitali zoyera zija.

Tsiku lokaona galimoto ananditenga chifukwa mwanayo ankafunikanso kukaonedwa ku boma. Tinali anayi: amuna anga, ine, mwana kumsana, ndi alamu aang'ono, amene anayendetsapo matola ndipo pamudzi ponse anali okhawo odziwa chiwongolero.

Yoyamba inali kuseri kwa nyumba ina yosungiramo katundu. Yoyera, yaitali, utoto utakalika m'mbali, kumbuyo kuli mipando iwiri yoyang'anizana ngati mabenchi a kutchalitchi. Bambo amene ankatiwonetsa anati kiyi wake anasowa kalekale. Anapisa m'thumba, n'kutulutsa kiyi wa kabati, kulowetsa, kupotokola, galimoto n'kulira.

Alamu anaseka mpaka kugwira bondo. "Achimwene, iyi ingalire ngakhale ndi supuni."

Anatsegula kutsogolo, n'kuika khutu pafupi ndi injini ngati akumvetsera mimba ya munthu. Anati injini ilibe mlandu, matayala okha ndiye atha. Iwo akuona zimenezo, ine ndinakwera kumbuyo. Ndinamasula mwana n'kumugoneka pabenchipo, ndipo ndinaona kuti pakati panatsala malo oti ine n'kugwada, dzanja lili pamsana pake. Ndinaona kuti zenera likutseguka mosavuta. Ndinayang'ana amuna anga kuti ndiwauze, koma nkhope yawo inali itauma. Ankayang'ana kiyi wa kabati uja.

Yachiwiri inali ku Senga Bay, paloji ina imene mwini wake ankabwerera kwawo kunja. Imeneyi inali yatsopanoko, yobiriwira, mipando yansalu yofewa mizere itatu, mawindo otsika okha ukadina, wailesi momwemo. Woyang'anira lojiyo, bambo wa malaya oyera ositidwa bwino, sanayambe ndi injini. Anatiwonetsa chitsulo chochindikala ngati mkono wa mwana, chomangidwa pansi, chokola giya kuti isasunthe.

"Masiku ano ndi a ufulu, bwana, ngakhale akuba ali pa ufulu," anatero. "Koma ndi loko uyu, aliza injini mpaka atope, siyenda. Kiyi wake ndi mmodzi yekhayu. Mnzake anagwera m'nyanja."

Amuna anga anamwetulira koyamba tsiku limenelo.

Tinakaima pamthunzi wa mpanda, woyang'anira uja ali chapafupi, akunamizira kupukuta galasi. Alamu anayamba.

"Achimwene, iyi ndi ya mabwana opita kumisonkhano. Amayi ndi dengu lawo la ufa akhala pati? Yoyera ija ilowa anthu khumi ndi mbuzi yomwe."

"Iwe ukufuna yoyera ija chifukwa ukudziwa kuti ndikangotembenuka uiliza ndi supuni yako n'kupita kwa atsikana a ku Chipoka."

"Atsikana a ku Chipoka amakwera sitima, achimwene, safuna galimoto."

"Njinga yamoto ija inakhala miyezi ingati? Uyu kuchigayo, uyu kwa apongozi ake, uyu kukaona mpira. Ndinabwera kuchokera ku chilumba n'kupeza mafupa okhaokha. Chinthu cha pamudzi pathu chikakhala chopanda loko chimafa."

Sankanama. Njinga yamotoyo ndinaipeza ili m'khola, nkhuku zikuikiramo.

Kenako anatembenukira kwa ine, zimene sankachita kawirikawiri. "Nanga inu amake mwana, mwaona bwanji?"

Ine ndinali nditaona kale zonse. Ndinkadziwa kuti mwezi wa Epulo chilumba cha Mbenji chikatsegulidwa, amuna anga amapita kumeneko ndi alovi awo, anyamata owakokera ukonde, n'kukhala masabata, ndipo makiyi awo onse amayenda pachingwe cha m'khosi. Ndinkadziwa kuti ku Mbenji mkazi saponda, ndi lamulo la makolo, ndipo uthenga umapita paboti basi. Ndinkadziwanso kuti mphumu ya mwana wanga imakonda nthawi yozizira, nthawi yomweyo ya utaka. Mawu anafika pakhosi, ndinawamva akukwera. Koma panali mlendo wa malaya oyera akumvetsera, panali alamu, ndipo ine ndinali mtengwa wamng'ono amene analangizidwa kuti mwamuna sumutsutsa pagulu, umadikira kunyumba. Ndinakonza nsalu ya mwana, ndinayang'ana pansi.

"Imene mwaikondayo, bambo," ndinatero.

Alamu anandiyang'ana kanthawi, kenako anayang'ana kunyanja. Amuna anga anagula yobiriwira ija, ndipo alamuwo ndi amene anaiyendetsa popita kumudzi. Akazi anaimba nthungululu, apongozi anaizungulira akuigwiragwira, ana anadinadina mawindo mpaka anakalipiridwa. Anaimangira chisakasa chaudzu pafupi ndi nkhokwe.

Kunyumba ndinayesa, koma ndinayesa mochedwa ndiponso kamodzi kokha. Unali m'mawa umene ankanyamuka ulendo wachitatu wa ku chilumba, mwezi wa Juni, akumanga chikwama.

"Bambo, kiyi uja mukanasiyira alamu."

"Kuti akachite naye chiyani?"

"Mwanayu akadzayamba..."

"Masabata awiri okha. Taonani, si uyo akusewera?"

Ndipo ankaseweradi. Anali atakhala pamchenga, akuthira madzi m'chitini cha sopo n'kukhuthula, kuthira n'kukhuthula. Amuna anga anaponya chingwe cha makiyi chija m'kati mwa malaya n'kumapita.

Mwera unayamba tsiku lachisanu iwo atachoka. Unabwera ndi fumbi ndi kuzizira, udzu wa padenga ukuuluka, ndipo m'mawa wa tsiku lotsatira ndikupatsa mwana phala ndinamva kamphaka kaja. Ndinamupatsa mankhwala amadzi amene anandipatsa ku boma, anasanza. Ndinamukhazika pamiyendo, ndinamufukiza ndi madzi otentha monga anandiphunzitsira, palibe chinasintha, mapewa akukwera ndi kutsika, maso ali pa ine. Dzuwa lisanakwere kwenikweni ndinathamangira kwa alamu aang'ono.

Sanafunse zambiri. Anatola mwala n'kulunjika kuchisakasa. Apongozi anatuluka m'nyumba akufuula kuti iwe, mwini wake akabwera tidzati chiyani, koma ataona mwanayo m'manja mwanga anati, "Swa."

Anaswa kawindo kakang'ono ka kumbuyo, anatsegula chitseko, anagona chagada pansi pa chiwongolero n'kusolola mawaya. Sizinatenge nthawi. Injini inalira. Ndinakwera ndi mwana pampando wofewa uja, ndinati tapita. Alamu anagwira giya, anakoka, anakankha, anamenya ndi chibakera. Chitsulo chija sichinasunthe ngakhale pang'ono.

Anthu anadzaza pabwalo. Wina anabwera ndi sowo yodulira zitsulo ya kokonzera njinga, inathyoka. Anaika ina, mano ake anatha ngati akucheka mwala, pachitsulopo n'kungotsala kamzere kowala. Wina anabwera ndi nyundo, wina ndi chitsulo chokumbira. Injini inali ikulirabe, wailesi inadziyatsa yokha ikuimba nyimbo za zisangalalo, ndipo palibe amene ankadziwa pozimitsira.

Ndinapatsira apongozi mwana n'kuthamangira kudoko. Sindikudziwa chimene ndinkaganiza. Si patali, koma ndinagwa kawiri mumchenga. Nyanja inali yoyera ndi thovu, maboti onse atakokeredwa kumtunda, amuna atakhala kuseri kwa thandala akusoka maukonde. Chilumba chinkaoneka, uko, chakuda, ngati ungachiloze n'kuchigwira. Ndinawagwadira. Ndinati wina apite akatenge kiyi, ndinati ngati mukuopa ndikwezeni ine ndipite nawo.

Bambo wina wachikulire anaika pansi ukonde. "Mwana wanga, ndi mwera uwu boti silidutsa pamafunde oyambawa. Ndipo ngakhale kukanakhala bata, iwe kumene kuja sungaponde. Thamanga, kafune ngolo."

Mwanayo panjinga sakanatha kukhala, khosi linali litafooka. Ngolo inalipo kwa aneba, koma ng'ombe zinali zitapita kudambo, ndiye anakazitenga, anazimanga, imodzi inkakana goli. Tinanyamuka dzuwa lili pamutu. Alamu anatsala m'galimoto muja akuchekabe, manja ali magazi, akuti akangodula atipeza panjira. Njira yonse ndinkacheuka. Fumbi lililonse la mwera ndinkati ndi iwo.

Ng'ombe mumchenga siziyenda, zimangokoka miyendo. Apongozi anali atagwira mapazi a mwanayo akupemphera, ine ndinamuimika pachifuwa panga, pakamwa panga pali pakhutu pake, ndikumuuza kuti puma, mayi, puma, tafika. Tinafika pamene munthu umayamba kumva galimoto zikudutsa patala, osaziona, kungozimva. Pamenepo kamphaka kaja kanasiya. Ndinaganiza kuti wapeza bwino. Zoona, ndinaganiza choncho, mpaka ndinauza apongozi kuti wagona. Iwo anamugwira pamphumi, anamugwira pachifuwa, kenako anavula mpango wawo n'kuuza mwini ngolo kuti atembenuze ng'ombe.

Tinamuika m'manda mawa lake, bambo ake kulibe. Mwera unasiya utawomba masiku atatu, boti linapita ndi uthenga, ndipo amuna anga anafika masana, ali ndi malaya omwe aja ananyamuka nawo. Anapita kumanda ndi akuluakulu. Atabwerako anaima pachisakasa, akuyang'ana magalasi osweka pansi, masowo othyoka, magazi a mng'ono wawo atauma pampando. Alamu anayandikira kuti apepese za windo. Amuna anga anangowagwira paphewa. Kenako anavula chingwe chija, analowetsa kiyi, ndipo loko uja anatseguka mosavuta, kamodzi kokha, kuti tswi.

Ine ndinali pakhonde ndi azimayi. Anabwera pamaso pa onse, anagwada, munthu wamkulu ngati uja, n'kuika kiyi pamphasa patsogolo panga.

"Munandiuza," anatero.

Sindinawayankhe. Anthu ankaganiza kuti ndawakwiyira, ndipo mwina ndinawakwiyiradi, koma chimene chinanditseka pakamwa n'choti sindinawauze. Ndinangoyamba chabe. Pamene ananditembenukira n'kundifunsa, galimoto ziwiri zonse zikadali za eni ake, ndinayang'ana pansi. Zimenezi sindinauzepo munthu, ngakhale amayi anga.

Loko uja anakamuchotsa kwa owotcherera zitsulo ku Khombedza. Kiyi wa injini anakhomeredwa msomali pakhonde la apongozi, poti aliyense afike. Galimotoyo inatha msanga monga amuna anga ankanenera, mipando inang'ambika, mawindo anasiya kutsika, koma pazaka zimene inayenda inanyamula odwala a midzi itatu, azimayi oyembekezera, ana a malungo, bambo wina wolumidwa ndi ng'ona. Alamu sankakana munthu.

Tsiku lina mayi wina wa kutsidya kwa dambo anabwera pakhomo ndi nkhuku, mwana wake wamwamuna ali kumsana, wonenepa, akudya chinangwa. Anati galimoto yathu ndi imene inamupulumutsa, ndipo anamva kuti woyenera kumuthokoza ndine. Anagwada, ndinalandira ndi manja awiri, ndinamufunsa za kwawo, ndinamuperekeza mpaka pamsewu. Pobwerera ndinakhala pansi m'chinangwa cha eni ake, nkhuku ili m'manja, mpaka mwana wanga woyamba anabwera kudzandiitana kuti madzi a pamoto aphwa.