Matope a M'chinunda cha Galimoto

Ndimawotcherera zitsulo ku Zingwangwa, pansi pa shedi ya malata pafupi ndi msewu wopita ku Chilobwe. Ntchito yanga yambiri ndi mageti, mabagala ndi maekizozi a minibasi. Galimoto zakale sizibwerabwera.

Imene ndikunenayi inabwera yokokedwa, chaka chitatha chidutsireni namondwe wa Freddy. Inali yaing'ono, yobiriwira, ya mabampa onyezimira, ija mumaiona pa zithunzi za maukwati a makolo athu. Mwini wake anali bambo wachikulire wa ku Rumphi, amene anapuma ntchito m'boma n'kukhazikika ku Chilobwe. Makaniko wake anali atatulutsa kale giyabokosi.

"Ndapeza ina yokhala ndi ovadiraivu," anatero mdalayo. "Koma ikukana kulowa. Akuti inu mungaipezere malo."

Ovadiraivu ndi kabokosi komwe kamamangidwa kumbuyo kwa giyabokosi, kuti pa msewu wautali injini isamakuwe ndiponso isamamwe mafuta ambiri. Mdalayo ankafuna kumapita kwawo kumpoto pa galimoto yawoyawo. Vuto linali lakuti kabokosiko ndi konenepa, ndipo chinunda chija chimadutsa pakati pa mipando, chimene amakaniko amati thanelo, chinali chopapatiza. Panafunika kuchidula pamwamba, kuchikweza ndi kuchikulitsa.

Ndinachotsa mipando ndi kapeti, ndinalemba mzere ndi choko. Mdalayo anakhala pa benchi, chipewa chili pabondo. Gilayinda yanga yodulira itangokhudza chitsulo, anatembenukira kumsewu.

Mbali yoyamba inadulika bwinobwino. Mbali yachiwiri moto wa gilayinda unazimirira, m'malo mwake munayamba kutuluka fumbi lofiira. Ndinazimitsa. Nditakanula chidutswacho ndi chitsulo, ndinapeza kuti kunsi kwake kunali chimbale chotchinga, ndipo mpata wonse wa pakatipo unali utadzaza matope ouma gwa ngati njerwa.

"Bambo, galimotoyi inamirapo?"

"Inakwiririka," anayankha. "Tinachita kufukula ndi makasu. Ndimayesa tinatsuka ponseponse."

Ndinayamba kugogoda matopewo ndi hamala. Munatuluka timiyala, kachidutswa ka lata, mizu ya udzu. Kenako chibuma china chitasweka, ndinaona kachingwe ka pulasitiki kabuluu. Ndinakoka. Inali patapata ya mwana, ya phazi lamanzere, yosakwana n'komwe chikhatho changa.

Sindikumbuka kuti ndinatuluka bwanji m'galimotomo. Ndinangopezeka ndaima kutsogolo kwa mdalayo, patapata ili m'manja. Ndinkaganiza kuti ndi ya mdzukulu wawo.

Anaitenga, naitembenuza, nachotsa dothi ndi chala.

"Si ya kwathu," anatero. "Kwathu kunalibe mwana. Tinali awiri ndi mayi, ndipo tonse tinapulumuka."

Kenako anandiuza kuti kumtunda kwa nyumba yawo, cha kuphiri, kunali nyumba zingapo zalendi. Zonse zinatsika ndi matope n'kudzadutsa pabwalo pawo. Mwa anthu a m'nyumbazo, amene mdalayo ankadziwa kumene ali anali mmodzi yekha, mayi wogulitsa tomato pamsika wa Chilobwe. Mwana wamkazi wa mayiyo sanapezeke mpaka lero.

"Mukawapatsa?" ndinafunsa.

"Inu mukuona bwanji?"

"Ine ndikuopa, bambo. Mwina chilonda chinayamba kupola."

"Nanga tiitaye m'dzala lanulo, pamodzi ndi zidutswa za zitsulo?"

Anandipempha kuti tipitire limodzi, poti amene anaipeza ndine. Ndinasamba m'manja, ndinatseka shedi, tinakwera minibasi. Patapata inali m'thumba la jekete lawo, yokulungidwa m'kampango.

Mayiyo tinamupeza akuunjika tomato. Anali wamng'ono kuposa mmene ndinkaganizira. Atawaona mdalayo anaimirira, nawapatsa moni mwaulemu, nafunsa za mayi kunyumba. Mdalayo anamupempha kuti tipite kuseri kwa mabenchi. Kumeneko anafotokoza zonse mosazungulira, kenako anamasula kampango.

Ndinkayembekezera kulira. Mayiyo anangoiyang'ana, naiika pachikhatho, nayesa kutalika kwake ndi zala.

"Sindikudziwa, bambo," anatero. "Ana onse pamzere wathu uja ankavala zoterezi. Tinkagula pamalo amodzi. Wanga anali nayo yabuluu, wa anzanga oyandikana nawo analinso nayo yabuluu."

"Pepani, mwanawe. Mwina talakwitsa kubwera."

"Ayi, simunalakwitse. Inzake simunaione?"

Funsolo linali langa. Ndinati ayi, koma matope sindinamalize kuchotsa.

"Mukaiona mudzandibweretsere. Iyi ndisunga. Anzanga aja anapita onse ndi matope aja, palibe wina woti angaisunge."

Anaimanga kunsonga kwa chitenje. Kubenchi kwake kunali kutaima kasitomala, ndiye anatitsanzika n'kupita kukamugulitsa.

Nditabwerera ku shedi sindinagwirenso hamala. Matope otsalawo ndinawanyowetsa ndi madzi, n'kumawafikisa pang'onopang'ono pa sefa wa mchenga. Ndinatsegulanso zitseko mkati, ndinasuzumira m'mphako zonse za pansi ndi tochi ya foni. Ndinapeza chivindikiro cha botolo ndi msomali. Inzake ija munalibe. Mawa lake ndinapita kukamuuza mayi uja, iye anangogwedeza mutu n'kuthokoza.

Ntchito ndinaimaliza sabata yomweyo. Ndinapinda chitsulo chatsopano, chokwera ndi chotambalala, ndinachiwotcherera, ndinasiya kachitseko kambali koti makaniko azifikira kabokosi kaja. Giyabokosi inalowa osakhudza paliponse. Tinakaiyesa pa msewu wa ku Chileka. Mdalayo atakankha kaswichi ka ovadiraivu, injini inatsitsa mawu, galimoto n'kumangoyenda. Pobwerera anandisiya pa shedi, nandigwira dzanja ndi manja awiri.

Dothi lofiira lija linakhala m'ndowa pakona ya shedi miyezi ingapo. Mkazi wanga atafuna ndowayo, ndinalinyamula n'kukalithira pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba.