Tsiku Limene Rahab Anayankha Apongozi Ake

Zoti Rahab NyaMsowoya anatukwana apongozi ake aamuna m'sitolo ku Mzuzu, n'kuwaloza chala pamphuno, ndi bodza. Zoti anavula chitenje n'kuchiponya pakauntala ndi bodza linanso, ndipo amene analipeka ali ndi luso, akanakhala telala ngati ine bwenzi akusoka madiresi popanda nsalu. Ine ndinalipo. Ndinaima pakati pa awiriwo nsapato zikundiluma, ndipo ngati pali munthu amene analakwitsa tsiku limenelo, musavutike kumufunafuna kutali.

Rahab kwawo ndi ku Mwazisi. Anakwatiwa kwa a Kumwenda pano pa Katowo zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Mwamuna wake Amock ndi mlonda wa nyama ku Vwaza, amakhala ku kampu ya ku Kazuni, ndipo amabwera mwezi ukatha atada ndi dzuwa ngati mphika. Choncho pakhomo pamakhala Rahab, ana ake awiri, apongozi ake a Elias Kumwenda, ndi mlongo wawo wa a Elias, ankhazi a Isabella, ndiye kuti azakhali a Amock, amene ukwati unawakana kawiri ndiye anabwerera kudzayang'anira maukwati a anthu ena.

Ntchito ya Rahab ndi kutayipa. Ali ndi kabenchi pakhonde la shopu yanga yosokera, sola ili padenga. Amatchaja mafoni, amatayipa makalata ofunsira ntchito, mayeso a aphunzitsi, mapulogalamu a ukwati ndi a maliro. Laputopu yake yoyamba anamusiyira mphunzitsi wina wa ku Zomba atasamutsidwa, ndipo m'katimo munali magemu. Matenda anayambira pamenepo. Makasitomala akatha, ine ndikupalasa makina, iye amakhala akuthamangitsa magalimoto, lilime lili panja ngati mwana amene akuphunzira kulemba.

Ndiye pakamwa pake pa nkhani ya magemu mumupatse ulemu. Akapita ku boma amakaona atsopano kwa msuweni wake, n'kubwera ndi chiweruzo. Ya mpira yatsopano anati osewera ake amatuluka thukuta lenileni koma nzeru n'zomwe zija za chaka chatha. Yowomberana anaikana: "Mfuti ndimaziona Amock akabwera, sindingakazifunenso pasikirini." Imene inamuseketsa mpaka misozi ndi ya ulimi. Akuti mvula imagwa tsiku limene waifuna, feteleza samasowa, ntchemberezandonda kulibe, ndipo palibe njovu imene imatuluka m'nkhalango kudzakolola munda wako iwe uli kutchalitchi. "Amene anapanga gemu imeneyi abwere adzalime ku Mwazisi chaka chimodzi," anatero, "akabwerera akulira."

Koma inalipo imodzi imene inamugwira mtima: ya thiraki yaikulu yokoka ngolo yaitali, yodutsa m'mapiri a kutali, mvula ikumenya galasi. Anaikopera pafulashi. Laputopu yakale ija itangoilawa, kafani kake kanalira ngati nkhumba yogwidwa mwendo, kenaka kunamveka fungo la nthenga zowauka, basi maliro. Fulashiyo anaimanga pakona ya chitenje, pamene akazi ena amamangapo mankhwala a chikondi, ndipo anayenda nayo choncho akulima soya dzinja lonse. Atagulitsa soya anati akupita ku Mzuzu kukagula laputopu ina.

Amock anaimba foni kuchokera ku Kazuni, nati ogulitsa a m'tauni amabera akazi, apite ndi adada, a Elias. Vuto linabadwira apa. Kwa a Kumwenda mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wawo, salankhula ndi apongozi aamuna mpaka iwo atamupatsa nkhuku yomutsegulira pakamwa. Makomo ambiri anazisiya izi, koma a Elias ayi. Nkhukuyo anali asanapereke, ndipo ukawafunsa ankati mkamwana wabwino ndi amene sumumva. Zaka zonsezi mawu a Rahab opita kwa iwo ankadzera kwa ankhazi a Isabella, amene ankawathira mchere kapena tsabola malinga ndi mmene adzukira. Tsiku la ulendo ankhazi mwendo unatupa. Anatengedwa ndine, mkazi wa ku Ntcheu, kuti ndikakhale pakamwa pa Rahab.

Tinakwera matola mpaka ku boma, fumbi mpaka m'makutu, kenaka minibasi. A Elias anavala jekete ya ku msonkhano wa madoda a mpingo. Muwadziwe bwino bambowa: zaka makumi atatu akuyendetsa ngolo, ndipo munthu aliyense wofuna kugula ng'ombe kuchokera ku Katowo mpaka ku Bolero amayamba wawaitana. Amaiyang'ana mano, kuitsina pakhosi, kuikankha pambali kuti aone ngati igwedezeka. Sanapusitsidwepo.

M'sitolo ya makompyuta ku Mzuzu wogulitsa anali bambo wa tayi yofiira, wonunkhira ngati mkwati. Anayang'ana jekete, sanayang'ane chitenje.

"Bwana, mwafika penipeni. Ndi ya ntchito yanji?"

"Ndi ya mwana," anatero a Elias. "Yolimba."

A Elias anayamba kunyamula malaputopu imodziimodzi, kuwayesa m'manja. Yopyapyala anaibweza msanga, nati ilibe nyama. Ina anaigogoda ndi chala n'kutchera khutu. Kenaka bambo wa tayi analowa kuseri n'kutulutsa chinthu chakuda, chokhuthala ngati mwala woperera, cha makona achitsulo. A Elias atachinyamula mkono unatsika. Nkhope inawala.

"Iyi ndiye nkhunzi."

"Bwana mumadziwa zinthu. Iyi ngakhale igwe pangolo, imene ingasweke ndi ngolo."

Rahab anali atayang'ana kale kapepala ka kumbuyo kwake. Anandikoka mkono n'kundinong'oneza: "Asisi, auzeni kuti ichi n'chakale kuposa chija chinafa. Ndi mtembo wodzola mafuta. Ndikufuna yotuwa ili pakonayo."

Tsono inu mukanatani? Bambo wamkulu, jekete, anthu ali m'sitolo, ndiwauze kuti asankha mtembo? Ndinachita zimene pakamwa pa munthu wina pamachita. Ndinathira shuga.

"Adada, akuti ndi yabwino chomene, mwasankha bwino, kungoti yotuwa ijanso akuiona ngati yokongola."

"Kukongola sikulima," anatero a Elias.

Rahab anandiponda chala. "Auzeni kuti gemu yanga singayende m'menemo. Mulibe galafikisi."

Galafikisi ine ndimudziwire kuti? Ndiponso mawu oti gemu pamaso pa mkulu wa mpingo anandikanirira pakhosi. Ndinati, "Akuti mwina ntchito zina zingamachedweko pang'ono."

"Yofulumira imatopa msanga. Kulungani."

Bambo wa tayi anali atatulutsa kale katoni, akumwetulira mpaka mano a m'mbali. Ndinaona Rahab akuyang'ana katoniyo, kenaka akuyang'ana manja ake, amene anali asanapole matuza a khasu. Soya wa dzinja lonse anali kulowa m'katoni, ndipo ku Mzuzu sikubwereredwa kawiri.

Anagwada. Pansi pa sitolo, pamatailosi, mawondo onse awiri. Anawomba m'manja kawiri mwaulemu, maso ali pansi.

"Yayi, adada."

Yayi ndiye ayi wa kuno. A Elias anatembenukira kwa ine kaye, ngati mawuwo atuluka mwa ine molakwika. Rahab sanadikire.

"Ng'ombe simuigula musanaione pagoli. Iyinso aiike pagoli."

A Elias anayang'ana khoma, nsagwada zikuyenda. Kenaka anauza wogulitsa, osati Rahab: "Mwamva. Imangeni."

Bambo wa tayi anayamba za malamulo a sitolo, zoti fulashi za kumudzi zimabwera ndi matenda. A Elias anatola chipewa chawo kuti azipita. Malamulo anasungunuka pomwepo. Rahab anamasula kona ya chitenje, nalowetsa fulashi mu nkhunzi ija, ndipo tinadikira mpaka ine ndinavula nsapato. Thiraki itatuluka inkayenda modukiza: kusuntha, kuima, kunjenjemera, kudumpha, kenaka ili m'ngalande. Kafani kanayamba kulira kulira kuja ndinakumvapo pakhonde langa.

"Ili ndi chitopa," anatero a Elias, okha, motsitsa.

Mu yotuwa ija thiraki inanyamuka ngati madzi. Rahab anaikhotetsa paphiri, naimitsa, kenaka anayamba kuibweza chammbuyo ndi ngolo yake yonse kulowa pageti yopapatiza, osakhudza chipilala. A Elias anasendera pafupi mpaka chipewa chinagunda sikirini. Munthu amene wabwezapo ngolo ya ng'ombe chammbuyo amadziwa chimene ankaona.

Tinagula yotuwa. Pobwerera, nthochi zimene ndinawagulira a Elias pa Ekwendeni anangozigwira njira yonse.

Nkhaniyi ine ndinauza munthu mmodzi yekha, ndipo ndinamuuza kuti asauze wina. Pofika Lachitatu inali itamera chala cholozera pamphuno. Pofika Lachisanu chitenje chinali pakauntala. Loweruka masana ankhazi a Isabella, mwendo utachira mwadzidzidzi, anaitanitsa bwalo pakhonde la a Elias, ndipo ine ndinaitanidwa ngati mboni.

Chigamulo anabwera nacho chophikaphika. Rahab avomere pamaso pa onse kuti analakwa. Akakana, apite kwawo ku Mwazisi akalangidwenso, ana atsale, ndipo chidole chakecho chikhale m'sutikesi ya ankhazi mpaka adzaphunzire khalidwe.

"Mayi wa ana awiri kumasewera tigalimoto," anatero. "Lero wayankha apongozi, mawa adzakhala pampando wawo. Amock anakwatira mkazi kapena dalaivala?"

Rahab anali atakhala pamphasa, miyendo yowongola, laputopu ili pamiyendo ngati khanda.

"Ankhazi, tigalimoto timeneti sitinagonetsepo mwana ndi njala. Pulogalamu ya ukwati wa mwana wanu ndinatayipa ndine, zolakwika zanu n'kukonza, simunanditche dalaivala."

"Mukumumva?" anatero ankhazi.

"Kugwada ndigwada mpaka mawondo atuluke magazi. Ku Mwazisi ndikudziwako, njira sindisochera. Koma laputopu ya soya wanga silowa m'sutikesi ya munthu." Kenaka anatembenukira kwa ine. "Asisi, auzeni adada. Ndipo lero shuga mumusiye kunyumba."

Anandinong'oneza. A Elias anali pampando wawo wa ndalema, akusema mpini, ngati mlanduwo ndi wa pamudzi wina.

"Adada, akuti sanena kuti analakwa, chifukwa sanalakwe. Akuti akanakhala chete, inu amene simunagulepo ng'ombe yodwala mukanabwera pa Katowo mutasenza mtembo, ndipo bambo wa tayi uja bwenzi akusimba mpaka lero za mdala wa ku Rumphi amene amagula kompyuta pa sikelo. Akuti zaka zisanu ndi chimodzi wakhala chete, ndipo mawu ake akhala akufika kwa inu atasanduka ena. Akuti ngati ndi mlandu, ndi wa nkhuku imene ikuchedwa."

Ndinanena zonse, osachotsa ngakhale kadontho. Ankhazi anagwira pachifuwa. A Elias anaika mpini pansi, naimirira, nazungulira kuseri kwa nyumba. Ankhazi anati, "Mwaona, mwawathamangitsa pakhomo pawo pomwe."

Kenaka kuseriko kunamveka chipwirikiti. Nkhuku kulira, ndowa kugwa, munthu wamkulu kupuma mwa befu. Anatulukira thukuta lili kamukamu, nthenga ili paphewa, atagwira thadzi lofiira lija ankhazi ankalisungira Khirisimasi. Analiika pamphasa patsogolo pa Rahab.

"Achimwene, limenelo ndi langa," anatero ankhazi.

"Ndiye lanenepa bwino." Anakhalanso pampando, nayang'ana Rahab kumaso, koyamba chikwatiwireni. "Mkamwana."

"Adada."

"Ngolo ija. Pobwerera chammbuyo, mumakhotetsera kumene ikupita kapena kwinako?"

"Kwinako, adada. Pang'onopang'ono."

"Ndinadziwa. N'chimodzimodzi ndi ng'ombe."

"Yewo, adada," anathokoza Rahab, atagwira thadzi ndi dzanja limodzi, laputopu ndi linalo.

Ku Mwazisi sanapite. Ankhazi ntchito ya ukalaliki wa mawu a anthu inawathera pomwepo, ndipo ndikuganiza kuti chala chija ndi chitenje chija akuzisamalira ndi iwo kuti zisafe. Rahab ali pakhonde langa mpaka pano, akutayipa za maliro m'mawa, masana ali m'mapiri a kutali ndi thiraki yake, ndipo gemu ina yatsopano ya zilombo wainena kale kuti njovu zake zikuyenda ngati zavala nsapato zothina. Amene akufuna kumuseka amamuseka ataima patali, chifukwa kalata yofunsira ntchito adzaifunabe.

Zoona zake n'zakuti Rahab anagwada pansi, nati "Yayi, adada," ndipo mawu amenewo sanawabweze mpaka lero.