Mmene Ndinakonzera Kompyuta Yosawonongeka

Kompyuta ya abambo anga inalibe vuto lililonse mpaka tsiku limene ine ndinaikonza.

Inali laputopu yakale, yolemera ngati mwala wa mphero, imene ndinawasiyira nditayamba ntchito ya ulembi ku Furancungo. Ankaitchaja ndi sola ya padenga, kwathu ku Ntengo-Wambalame. Ntchito yake inali imodzi basi: kuwaimbira nyimbo za kwaya ya azimayi a kutchalitchi kwathu, zimene ndinajambula pafoni amayi anga asanamwalire. Mayi aliyense anali ndi nyimbo imene ankatsogolera, ndipo nyimbo iliyonse inali ndi kachizindikiro kake pasikirini. Tizizindikiroto abambo anatiyala okha maso akadali bwino. Kenako maso anachita nkhungu, kuwerenga kunatha, koma dzanja linali litaloweza njira. Ankakankha kambewa, kudina kawiri, mawu a akazi awo n'kutuluka.

Loweruka lina nditapita kukawaona, ndinailumikiza ku intaneti ya pafoni yanga. Uthenga unatulukira wakuti kwabwera sistema yatsopano yoyendetsera kompyuta, yaulere. Ine chinthu chaulere sindichiyang'ana kawiri. Abambo anali kudimba ndi okumba kachewere, ndiye panalibe womufunsa, ngakhale kunena zoona akanakhalapo sindikanawafunsabe. Ndinadina, ndipo inazungulira masana onse, n'kundidyera mamega onse a intaneti. Itamaliza, ndinasesa tizizindikiro tomwazikana tija n'kutiika mufoda imodzi, motsatira alifabeti, monga amachitira anthu ophunzira.

"Ababa, ndakuikirani sistema nova. Yamakono."

Anaisisita pamwamba. "Wachita bwino, mwananga. Obrigado."

Ndinabwerera ku Furancungo mapewa ali m'mwamba, ndipo kuofesi palibe amene sanamve za chifundo changa.

Vuto n'lakuti kwathu mphatso saidandaula. Wina akakupatsa nkhuku yodwala chitopa umailandira ndi manja awiri, zokaikwirira n'zako. Ndikaimba foni n'kufunsa ngati makina akuyenda, abambo ankati, "Akupuma." Ine n'kumaseka, kuganiza kuti ndi nthabwala za akuluakulu.

Patatha milungu itatu anandiimbira azakhali, mlongo wawo wa abambo amene amawaphikira. Iwowo saopa munthu.

"Iwe, makina aja unawatani? Achimwene anawafunditsa nsalu. Amangokhala pakhonde duu, ati amako anasamuka osatsanzika."

Mawa lake ndinakwera chapa, kaminibasi ka kwathu. Nditafika ndinavundukula nsalu ija, n'kusakasaka polembedwa kuti voltar, pobwerera ku sistema yakale. Ndinapapeza, koma panali patazirala, posadinika. Pansi pake analemba mwaulemu kuti mwayi wobwerera unali wa masiku khumi okha. Masiku khumiwo anali atathera m'kuthokoza.

Ndinapsa mtima, ndipo poti makina sayankha ndinapsera abambo. "Nanga bwanji osanena msanga?"

"Unavutika nayo tsiku lonse," anatero. "Ndikanati chiyani?"

Ndinayesa kuwaphunzitsa yatsopanoyo, koma sizinatheke. Mabatani anali atasamukira pakati, ndipo iwo akangodina, pankatuluka kabokosi kowafunsa mafunso m'Chipwitikizi cha tizilembo ting'onoting'ono. Ndinaimanga kumsana laputopu ija, n'kukwera njinga yamoto ya ku Tsangano, kwa mayi wina wokonza mafoni pamsika. Anandiseka mpaka misozi. Ati chiyambire ntchito anthu amamupempha zopita kutsogolo, wofuna kubwerera m'mbuyo woyamba ndine. Anasunga nyimbo zonse pa kafulashi, n'kufufuta chilichonse, n'kuikamonso sistema yakale.

Ndinafika kumudzi fumbi lili mpaka m'mano, koma mtima uli m'malo. Ndinatulutsa nyimbo zija mufoda, n'kuzindandalika bwinobwino pasikirini. Abambo anagwira kambewa, kukankha, kudina kawiri. Panatuluka mawu a mayi wina.

"Awa si malo awo," anatero.

Anakhala pambali panga, ine ndikudina nyimbo imodziimodzi, iwo akumvetsera.

"Uyo wa mawu aakuluyo kumbuyo, pafupi ndi khomo. Awiri apachibalewo uwaike pakati, sasiyana. Uyo amabwera mochedwa, kumapeto kwa benchi."

Apo m'pamene zinandilowa m'mutu. Chisokonezo chimene ndinasesa chija chinali mabenchi a kutchalitchi, mbali ya azimayi, aliyense pamene ankakhala Lamlungu. Ena mwa iwo anali atatisiya kale, koma abambo ankawatchula ngati tiwapeza mawa. Ndinachita manyazi kwambiri, ndipo sindinalankhulenso za alifabeti.

Tinayala kwaya yonse, panatsala kachizindikiro kamodzi.

"Nanga amayi ndiwaike pati?" ndinafunsa.

Anatembenukira kumene kunkachokera mawu anga.

"Ubwana wako wonse unkakhala pambali pawo. Sukudziwa?"

Ndinatseka maso kuti ndione tchalitchi chija. Ndinaona guwa, ndinaona ng'oma, ndinaona mpaka duku la amayi, koma benchi sindinalione. Ndinali nditaiwala.

Sanandikalipire. Anaika dzanja lawo lokhakhala pamwamba pa langa, n'kulikokera pang'onopang'ono kumanzere, mzere wachiwiri, pafupi ndi zenera.