Tcheni cha a Bobini Chimene Chinakana Kugwa

Ndikupereka moni waulemu kwa owerenga onse, amene ali ndi njinga ndi amene alibe. Munthu amene ndikufuna kukudziwitsani dzina lake lonse ndi Bobini Wamakina, monga lalembedwera ndi penti yobiriwira pamwamba pa chitseko cha shopu yawo. Akazi awo amawaitana kuti bambo a mapasa. Ali ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri, ndipo ntchito yawo ndi yokonza makina osokera. Ine ndine mlembi wa gulu la abambo opalasa njinga Loweruka m'mawa. Zimene ndalemba pano ndinaziona ndi maso, kupatulapo za m'nyumba mwawo, za kuchipatala ndi za mu shopu, zimene anandifotokozera mayi a mapasa.

Shopu ya a Bobini ndi kachipinda kopapatiza, koyandikana ndi ka wometa tsitsi amene timawatchula kuti a Lumo. Pa mashelefu pali mitu ya makina, uliwonse ndi kapepala kake, ndipo timisomali tonse timakhala m'zitini za polishi, chitini chilichonse ndi msinkhu wake. Khalidwe lawo lalikulu ndi ili: satha kumva chinthu chikugwedera n'kukhala chete. M'thumba la malaya, mmene anthu ena amaikamo cholembera, iwo amaikamo kasipanala. Tsiku lina kuchipatala, namwino akuwayeza, iwo anawerama n'kuyamba kumanga mwendo wa mpando umene anakhalapo.

"Bambo, khalani phee," anatero namwino. "Magazi anu akuthamanga kuposa mwini wake. Mimba iyinso yayamba kulowa m'chipinda inu musanafike. Muzichita zolimbitsa thupi."

"Ndamva, mayi. Koma mpando wanuwu ukanagwetsa munthu."

Umu ndi mmene a Bobini anapezera njinga yakale, naiphwasula yonse, naimanganso mpaka inkayenda mwakachetechete ngati mphaka. Koma kupalasa wekha mumzinda, pa msinkhu umenewu, si chinthu chokoma. Maminibasi ankawaimbira hutala, madalaivala ankawafunsa ngati galimoto analandidwa, ndipo agalu atatu a kuseri kwa msika ankawadikira m'mawa uliwonse monga anthu odikira basi. Patatha miyezi iwiri anali pafupi kuipachika njingayo. Ndiye anapempha a Lumo kuti akawalankhulire ku gulu lathu.

Tinalipo asanu ndi mmodzi, ndipo wamng'ono mwa ife anali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu. Nkhani zathu pa ulendo ndi za maondo, msana, mayenje a pamsewu, ndi kuuma mtima kwa munthu amene anapanga chishalo cha njinga. A Lumo amamangirirapo pilo. Ine ndimapana mwendo wa thalauzi ndi pegi yoyanikira zovala. Mtsogoleri wathu, a Tcheya, anayendetsa basi kwa zaka zambiri asanapume, ndipo mpaka lero akafuna kuima amayang'ana kumbuyo ngati pali wotsika. Iwo ndi amene anagamula kuti a Bobini ayende nafe Maloweruka asanu ndi limodzi monga mlendo, ndipo lachisanu ndi chiwiri ayesedwe.

Tsopano ndiyenera kuulula chinsinsi cha gulu, ndipo a Tcheya andilola. Ulendo wathu umathera pa chitunda chachitali chopita ku thanki ya madzi. Pakati pa chitundacho pali khonde pamene pamakhala matelala asanu ndi makina awo. Munthu wa msinkhu wathu akafika pamenepo mpweya umakhala utatha, koma kutsika pa njinga chifukwa chotopa, pamaso pa anthu amene lilime lawo limaposa sizasi, n'kosatheka. Choncho panakhazikitsidwa dongosolo. Loweruka lililonse munthu mmodzi amatsogola, ndipo akafika pa khondepo tcheni chake chimagwa. Enafe timatsika kuti timuthandize, pakuti kusiya mnzako pamavuto si umunthu. Timazungulira njingayo, timapereka malangizo, timapuma bwinobwino, kenako a Tcheya amayang'ana wotchi n'kudandaula kuti nthawi yatha. Timatembenuka. Tinachita zimenezi kwa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo kunyumba tinkafotokoza kuti pamwamba pamaoneka mzinda wonse.

A Bobini sanauzidwe zimenezi, popeza anali mlendo. Iwo ankaganiza kuti matcheniwo akugwadi, ndipo zinkawapweteka mtima. Tcheni chikagwa ankatulutsa kasipanala, n'kugwada, n'kukokera tayala kumbuyo, n'kumanga manati ndi mphamvu zawo zonse. Ankafuna kuti tiwakonde. Maloweruka asanu ndi limodzi, njinga zisanu ndi imodzi. Ife tinkathokoza chifukwa kupuma kunkatalika, osalingalira za mawa. Kale tcheni cha aliyense chinkalendewera chaka chonse, moti wotsogola akalephera, wina ankagwetsa chake.

Lachisanu masana, a Tcheya ndi a Lumo analowa mu shopu.

"Achimwene, mawa ndi tsiku lanu," anatero a Tcheya. "Mumasule manati a tayala lakumbuyo, mulikankhire kutsogolo pang'ono. Mukafika pa matelala mupalase chobwerera, n'kukankha tcheni ndi chidendene."

A Bobini anaika pansi mutu wa makina. "Kodi matcheni aja ankagwa dala?"

"Inu mumati matelala ali ndi maginito?" anafunsa a Lumo.

"Koma asanu onsewo ndi makasitomala anga. Akaona tcheni changa chikugwa, adzati chiyani za dzanja langa?"

"Walira mvula walira matope," anatero a Tcheya. "Chikagwa, ndinu wathu. Chikapanda kugwa, Loweruka muzikapalasa ndi agalu anu aja."

A Bobini anamasula manatiwo, ndipo anakankha njinga mpaka kunyumba, tcheni chikulira kwetekwete njira yonse. M'mawa mwake anakhala pa tebulo, maso ali pa njinga imene imagona pabalaza, pakati pa sofa ndi firiji.

"Bambo a mapasa, shuga mwathira kachitatu," anatero akazi awo.

"Mukuchimva?"

"Chiyani?"

"Tcheni."

"Njinga yangoima. Ilira bwanji?"

"Ine ndikuchimva ndi maso."

Mayi a mapasa anapita kukatenga buledi kukhitchini. Pobwera anapeza amuna awo atagwada, kasipanala kali m'manja.

"Ndangokhudza pang'ono," anatero a Bobini.

Tinanyamuka monga mwa masiku onse, iwo ali patsogolo. Titafika pa khonde la matelala tonse tinayamba kale kukonzekera kutsika. A Bobini anapalasa chobwerera. Tcheni chinazungulira mosalala ngati ulusi pa makina atsopano. Anachikankha ndi chidendene, koma sichinasunthe. Anachikankhanso ndi ukali, ndipo chimene chinagwa ndi nsapato yawo, imene inagubuduka mpaka pa mapazi a telala wamkulu, mayi wovala tepi m'khosi.

"A Bobini, mwasiya nsapato. Tiisoke?"

"Mwadzuka bwanji, mayi," anayankha iwo, napitirira ndi sokosi.

Kumbuyo a Tcheya ananong'ona. "A Lumo, gwetsani chanu."

"Ndikuyesa. Anachikonza munthu uyu."

"Alembi?"

"Changanso, a Tcheya."

Abambo asanu ndi mmodzi tinkamenya matcheni ndi zidendene ngati talowedwa linthumbu m'nsapato, koma ntchito ya a Bobini ndi ntchito. Matelala anasiya makina, naimirira m'mphepete mwa msewu. "Lero akwera," anatero mmodzi, ndipo anaitananso ogulitsa mu golosale yapafupi kuti adzaone. Panalibenso njira yotsikira. Tinakwera. Maondo anga ankalira ngati chitseko cha bafa. Pilo ya a Lumo inathawa pa kona yachiwiri, ndipo iwo sanaiyang'ane n'komwe. A Tcheya ankaimba belu popanda chifukwa, mwina pofuna kudziwa ngati akadali moyo.

Pamwamba tinagwa aliyense kumene njinga yake inamutaya. Patapita nthawi a Tcheya anadzutsa mutu.

"Mzinda uja uli kuti?"

Panali thanki, mpanda wa malata wotchinga mbali zonse, ndi mlonda amene anatifunsa mwaulemu ngati aitane ambulansi.

"Alembi, lembani," anatero a Tcheya, ali chigonere chagada. "Munthu uyu wafuna kupha abambo a mabanja asanu ndi limodzi. Si wa gulu lino."

"Pepani, a Tcheya. Dzanja linandipusitsa."

"Dzanja lanulo ndi limene muzipalasa nalo."

Tinatsika chokankha. A Bobini anali kumbuyo kwenikweni, ndipo anaima pa khonde kulandira nsapato yawo, imene matelala anali ataipukuta n'kuiika pa mpando.

Sabata imeneyo a Bobini sanali munthu. Ankabwera kuchokera kuntchito, n'kukhala pa sofa, n'kumayang'ana njinga ngati mwana amene wawachititsa manyazi pa alendo. Chitseko cha kabati chinagwedera masiku atatu osachikhudza, ndipo apa mayi a mapasa anadziwa kuti matenda akula. Lachitatu anawafunsa, ndipo atamva nkhani yonse anaseka mpaka kukhala pansi.

"Ndiye vuto lonseli n'lakuti mukusowa njinga yogwa tcheni? Tabwerani kuno."

Anawatengera m'kachipinda kosungiramo katundu. Anachotsa mabeseni, matiresi akale a mapasa ndi ambulera yothyoka. Pansi pake panali njinga yachizimayi, yokhala ndi basiketi kutsogolo.

"Zaka zinayi ndikukupemphani kuti mundikonzere. Mumati mawa. Makina a mzinda wonse mwakonza, ine ndikupita kumsika wapansi."

A Bobini anaona tcheni chikulendewera ngati chingwe choyanikira zovala, ndipo dzanja linapita lokha kuthumba. Akazi awo analigwira.

"Bweretsani kuno. Mupope matayala basi."

Kasipanala kanalowa m'chikwama cha mayi a mapasa.

Loweruka linafika. A Bobini anatulukira pamalo pathu pokumanirana, maondo akugunda basiketi. Palibe anawapatsa moni, koma a Tcheya anati msewu ndi wa aliyense, sangaletse munthu kuyenda kumbuyo kwawo. Kunena zoona, ife tinali ndi nkhawa zathu. Linali tsiku la a Lumo, ndipo Lachisanu iwo anayesa kumasula manati awo mpaka sipanala yobwereka inapindika, manatiwo osasuntha. Enafe zinali chimodzimodzi. Tinayandikira chitunda chija ngati anthu opita kukhoti, ndipo matelala anali atatulutsa kale benchi kuti aonere bwino.

Titatsala pang'ono kudutsa khonde, kumbuyo kunamveka kwetee, kenako zii. Tinacheuka. A Bobini anali kupalasa mphepo, njinga itaima.

"Munthu ameneyu si wa gulu lathu," anatero a Tcheya, mawu akutuluka modukaduka.

"Koma ndi munthu," anayankha a Lumo, amene anali atatsika kale.

Tonse tinatsika, a Tcheya pomalizira, atayang'ana kaye wotchi kuti ulemu wawo usungike. Tinazungulira njingayo. Tinabwezera tchenicho mokhota, chinagwanso, tinakangana za mbali yoyambira, ndipo wina anapanitsa chala. A Bobini anaima pambali manja ali kumbuyo, lina litagwira linzake zolimba, thukuta lili kamukamu.

"A Bobini, lero chagwa?" anafunsa telala wamkulu. "Ndiye makina athu tikuwapereka m'manja mwa yani?"

"Mayi, njinga iyi dzanja langa silinaikonzepo chigulire. Ndikhoza kulumbira."

"Musalumbire, tazindikira basiketi. Ndi ya akazi anu. Amuna anganso ndi kalipentala, koma timadyera pa bokosi."

Matelala anaseka, ndipo anatisunthira benchi kuti tikhale. Tinakhala nthawi yaitali kuposa masiku onse. Pamenepo a Tcheya anandiuza kuti nditulutse kope.

"Lembani kuti a Bobini alandiridwa. Lembaninso kuti zosinthana zatha. Kuyambira lero wotsogola ndi iwo Loweruka lililonse, pa njinga imeneyi. Ndipo njinga imeneyi isadzakonzedwe ine ndili moyo."

"Ngakhale kadontho ka oyilo, a Tcheya?" anafunsa a Bobini.

"Ngakhale kuipemerera."

Mayi a mapasa anavomera chigamulochi, koma anaikapo lamulo lawo, lakuti popeza basiketi ikupita kale mumsewu, izibwera ndi kabichi ndi anyezi. Choncho masiku ano mukaona abambo asanu ndi awiri akupalasa Loweruka m'mawa, wotsogola wovala malaya opanda kanthu m'thumba ndi a Bobini. Tcheni chimagwa pa matelala, ndipo nthawi zina chimagwanso pa msika, pa mlatho ndi pa mphambano, zimene palibe membala amene wadandaulapo. Iwo amatembenukira kukhoma pamene tikuchibwezera, ndipo milomo yawo imagwedera.

Pomaliza, ndikupempha owerenga mwaulemu kuti musunge mfundo imodzi, makamaka inu amene muli ndi makina osokera ndipo munawaonapo bambo ameneyu ataima pamsewu: njinga yogwa tcheniyo si imene anakonza iwo.