Msewu Unapita Kuseli kwa Nyumba Yanga

Ba Meya baja? Nibakumbuka. Sininganene ati banali boipa, iyai. Pompi yamene titapako manzi mu Chawama ni beve banaleta, na maliketi, na msewu uyu. Koma msewu uyu, kaya ninene bwanji.

Nthawi ija ya chipani chimodzi kunabwera mau ati komboni ikonzedwe. Bamuna bokhabokha, ba chipani na bopima malo, banayenda nyumba na nyumba kusankha popita msewu. Bamuna banga banali nabo. Banabwera kunyumba bosekelera.

"Amake mwana, tili na mwai. Tipita ku puloti yatsopano, msewu upita pano pathu."

"Na kuseli komwe?"

"Kuseli kuli chani? Phulusa na nthochi imodzi?"

Pansi pa nthochi ija panali mwana wanga woyamba, wamene anabadwa wakufa. Mwana wotero kwathu saliridwa, sapita kumanda. Bazimai ndiye bamuika pafupi na nyumba, ndipo mwamuna sauzidwa malo. Manje ningaime bwanji pakati pa bamuna ba chipani kukamba vamene na bamuna banga sibafunika kumva?

Kutatsala pang'ono kuti chigiredala chokumba msewu chifike, bazimai bamozi ba Chisilamu bochokera ku Malawi, bamene tinapakana nabo mpanda, bananipeza nasiya mbale, ningoyang'ana nthochi. Beve banaliko tsiku lija loika mwana. Banabwera na khasu.

"Achemwali, muzaiyang'ana mpaka ibale mango? Imani tikumbe."

Tinakumba bamuna banga bali kunchito. Sitinapeze kanthu. Mafupa ya khanda ni yofewa, yanasungunuka kale. Ninaponya khasu pansi. Beve banang'amba kansalu ku chitenje chabo, batapa dothi na manja yabili, bamanga.

"Ni yemweyu. Munyamuleni."

Ninamubereka kumbuyo mpaka ku puloti, monga nanyamula mchele.

Tsiku lotsegulira msewu ba Meya banabwera na chitcheni chabo cha umeya mukhosi. Bazimai tinauzidwa kuvina, na ine ninavina, palibe wamene anali kukana. Banamwalira kale ba Meya, bantu bakali kubatamanda, ndipo sibanama. Koma ine ma minibasi yakamagunda pabampu paja pamene panali nthochi, sinikhulupirira bwino kuti mwana uja tinamuchotsa yense.

Bazimai baja ba Chisilamu banabwerera kwabo, sininamvenso za beve. Dzina lenileni sininabafunse. Komboni yonse tinali kubaitana chabe ati ba Mai Vitumbuwa, poti ndiye vamene banali kugulitsa.