Tsamba la a Mwale

Lachinayi, mwezi wa Meyi. Ndikulemba nditakhala kuseri kwa chigafa, amayi akusankha fodya mkati.

Ndi pa chigafa chomwechi pamene amalume ndi amayi anagwirizana, zaka zitatu zapitazo, kuti nditsatire bambo ku migodi ya ku Zambia, ndizikawaphikira uku ndikuphunzira. Ine sanandifunse. Akanandifunsanso ndikanangoyang'ana pansi.

Kumeneko ndinalibe mnzanga. Kusukulu ankaseka kalankhulidwe kanga, choncho ndinatseka pakamwa n'kuyamba kulemba m'kope lino. Bambo akalandira malipiro ankagulira amayi nsalu, n'kundiuza zolemba m'kalata: tili bwino, mvula ikugwa. Zoti ndinkalira potsuka mbale sindinazilembemo.

Lamlungu lililonse kunkabwera a Mwale, mkulu wa kuno ku Ntchisi, wa magalasi omanga ndi ulusi. Ankandibweretsera pensulo. Ndiwo anatiwerengera m'nyuzipepala za lamulo limene akuluakulu a kumeneko ankakambirana: apolisi azilowa m'nyumba popanda chikalata, aziimitsa aliyense womveka ngati mlendo, ndipo wosunga mlendo osanena azilangidwa.

"Ndiye mwana uyu akakagula mchere azikangoloza ndi chala?" anatero a Mwale. "Munthu amayamba wamvedwa kaye, achimwene, asanamangidwe."

Bambo anawapempha kuti atsitse mawu. Lamulolo linali lisanavomerezedwe, koma mayi woyandikana nafe, amene tinkabwerekana naye mbaula, anayamba kundifunsa mayina a alendo athu. Bambo ananditumiza kumudzi, nati iwo abwera pa Khirisimasi.

Ndinatsika basi pa Malomo mtima uli m'malo, poti kuno palibe angandifunse kwathu. Zoona, sanandifunse. Achinyamata a chipani anafunsa khadi, kenako anayang'anitsitsa diresi langa lolekeza m'mawondo. Amayi anandikulunga chitenje chawo.

Lolemba aphunzitsi athu, mayi Chisale, anati tilembe chimangirizo cha ulendo umene tinayendapo. Aka kanali koyamba kuti ndikhale ndi zambiri zonena kuposa anzanga. Ndinalemba masamba anayi. Limodzi lathunthu linali la a Mwale: magalasi awo, tiyi amene ankamwa ndi bambo, ndi mawu awo aja.

Lero mayi Chisale anabweza makope onse kupatula langa. Anzanga atatuluka anandiitana, natseka chitseko, n'kundipatsa kope langa.

"Esinati, a Mwale awa unawaonadi?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Sunawaone, mwanawe. Ukalembe za ulendo wa kumsika."

Nditafika kunyumba ndinawauza amayi. Anasiya fodya, natuluka kukayang'ana kunjira, ndiye n'kundinong'oneza kuti a Mwale sanapite kuja kukafuna ntchito. Anathawa kuno, boma likuwafuna, ndipo munthu wodziwika kuti amacheza nawo amamudikirira pa malire. Bambo ankadziwa. Ine ndekha ndinkangoona mkulu wa mapensulo.

Kopelo lagona masiku atatu mu ofesi ya ahedi. Amuna awo a mayi Chisale ndi alembi a nthambi ya chipani m'dera lathu. Kodi aphunzitsi anditchinjiriza, kapena akufuna kuona amene ndithamangire kukamuuza? Ndaliyang'ana tsambalo padzuwa. Palibe inki yofiira, koma pakona pake m'popinda, ndipo sindikukumbuka kuti ndinapinda ine.

Kuja ankafuna kudziwa kumene tinachokera. Kuno kwathu akufuna kudziwa amene tinamwa naye tiyi, ndipo ine ndawalembera bwinobwino, ndi dzanja langa lokongola limene bambo amanyadira.

Mawa ndikamasonkha moto wa phala ndiponyamo tsamba lija pamodzi ndi lino. Kenako ndikapempha amalume, amene amadziwana ndi woyendetsa lole ya ku Mchinji, kuti uthenga upite pakamwa, osati m'kalata: bambo Khirisimasi ino adyere komweko. Pensulo yokha ndisunga. Siinalembedwe dzina la munthu.